Mayina ndi Magulu a Zomera Zosunga Madzi: Vuto la Mawu a Sayansi m'Chichewa, ndi Zitsanzo za ku Diamphwe ndi ku Madagascar

1.0 CHIYAMBI

Munthu woyenda m'midzi ya pakati pa Mitundu ndi Nathenje m'mwezi wa Okutobala, kutsikira cha ku mtsinje wa Diamphwe, amaona udzu utauma ndi minda ili mbee kudikira mvula. Komabe pali zomera zingapo zimene sizisonyeza ludzu pa nyengo imeneyi. Mipanda ya nkhadze imakhala yobiriwira monga mwa masiku onse. M'malire mwa minda ina muli mizere ya khonje. Pakhomo pali alovera wobzalidwa m'chitini. Ndipo pa sukulu kapena pa tchalitchi pali kachitsamba kaminga kokhala ndi maluwa ofiira, pamodzi ndi maluwa ena a masamba onenepa amene amabereka tiana m'mphepete mwa tsamba. Ziwiri zomalizazi kwawo ndi ku chilumba cha Madagascar.

Mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi akafuna kufotokoza m'Chichewa kuti zomera zimenezi n'zotani, zikugwirizana bwanji ndipo zikusiyana pati, amafika msanga pamene mawu amamuthera. Cholinga cha pepala lino ndi kuunika malo amene mawuwo amathera ndi kupereka maganizo a mmene tingadzazire mipatayo. Tiyankha mafunso atatu. Loyamba: kodi zomera zonsezi tingazitchule ndi dzina limodzi lotani? Lachiwiri: kodi masitepe a kagawidwe ka zomera ka akatswiri a sayansi tingawanene bwanji popanda kusokoneza omvera? Lachitatu: kodi mayina achilatini tiziwalemba motani m'chiganizo cha Chichewa?

Ntchito yotere siyachilendo kwa okonza chiyankhulo. Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko lino mu 1968, ndipo Bungwe la Chichewa linakhazikitsidwa mu 1972. Mu 1996 ntchito ya bungweli inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba, kumene kunatuluka Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000. Kumbali ya zomera, Jessie Williamson anatulutsa Useful Plants of Nyasaland mu 1955, buku limene linakonzedwanso mu 1975, ndipo Blodwen Binns anatulutsa Dictionary of Plant Names in Malawi mu 1972. Mabuku awiriwa anasonkhanitsa mayina ambiri a zomera m'ziyankhulo zathu, koma kufotokoza kwake kuli m'Chingerezi. Mayina tili nawo. Chimene chikuperewera ndi mawu okambira za mayinawo. Ngakhale lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, mlangizi wophunzira pa koleji ya Bunda, imene tsopano ili pansi pa yunivesite ya LUANAR, akafika kwa mlimi wa ku Diamphwe amayankhula naye m'Chichewa.

2.0 KODI ZOMERA ZOSUNGA MADZI N'ZOTANI?

Zomera zimene tikukambazi zili ndi mnofu wofewa umene umamwa madzi nthawi ya mvula n'kuwasunga kufikira chilimwe. Zina zimasunga m'masamba, monga alovera. Zina m'tsinde ndi m'nthambi, monga nkhadze, imene timasamba take n'tating'ono ndipo timayoyoka msanga, kotero kuti ntchito ya tsamba imagwiridwa ndi nthambi zobiriwirazo. Zina zimasunga m'thunthu, monga mlambe. Ndipo zina zimasunga m'mizu pansi pa nthaka. Khungu lake kawirikawiri limakhala lochindikala ndi losalala ngati lopakidwa phula, kuti madzi asauluke.

Zambiri mwa izo zili ndi njira inanso yodabwitsa. Tsamba lililonse lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso topumira mpweya. Chimanga ndi fodya zimatsekula timabowoti masana, ndipo madzi ambiri amatayikira pomwepo. Alovera, khonje ndi zina zotere zimatsekula usiku kukamazizira, n'kusunga mpweya wa kaboni dayokosaidi m'masamba monga asidi, kenaka n'kuugwiritsa ntchito masana timabowo titatsekeka. Benjamin Heyne, amene ankagwira ntchito ku India, analemba mu 1815 kuti masamba a chomera chimene lero chimatchedwa Kalanchoe pinnata amawawasa m'mawa koma kuwawasako kumatha dzuwa likakwera. Chimene iye analawa chinali asidi yemweyo. Chomera chake ndi chimodzi mwa maluwa obereka tiana pa tsamba amene tawatchula pamwambapa.

Mfundo yofunika kwa wokonza mawu ndi iyi: kusunga madzi ndi khalidwe, si ubale. Zomera zosiyana makolo zinafika pa maonekedwe ofanana chifukwa chokumana ndi vuto limodzi la chilala. Motero dzina limene tikufuna liyenera kunena za khalidwe lokhalo. Pali mawu anayi amene angaganiziridwe:

(1) a. zomera zam'madzi
b. zomera zamadzimadzi
c. zomera zamasamba onenepa
d. zisungamadzi

Mawu a (1a) ndi olakwika ndithu, pakuti amanena za zomera zokhala m'madzi monga namasupuni. A (1b) amanena za chinthu chosalimba, ngati phala lochepa ufa. A (1c) amasiya kunja nkhadze ndi mlambe. Ife tikupereka (1d), chisungamadzi, zisungamadzi, dzina la m'gulu la Chi-Zi lopangidwa pophatikiza mneni ndi dzina. Kapangidwe kameneka n'kodziwika kale m'chiyankhulo chathu, monga m'mawu akuti mtolankhani, chiphadzuwa, mpondamatiki ndi mlowam'malo, ndipo munthu wongolimva koyamba angathe kulota tanthauzo lake.

3.0 ZILUMBA ZA M'NYANJA NDI ZILUMBA ZA PAMTUNDA

Zilumba zili ndi malo apadera m'maphunziro a zisungamadzi. Mbewu ikafika pa chilumba, kaya ndi mbalame, mphepo kapena mafunde, zidzukulu zake zimalekana ndi abale otsala kumtunda, ndipo pakapita zaka zochuluka zimasintha mpaka kukhala zina. Madagascar, chilumba chachikulu pafupifupi kasanu kuposa Malawi, chili pa mtunda wa makilomita ngati 400 kuchokera ku gombe la Mozambique pamene nyanja yachepa kwambiri. Chinalekana ndi Africa zaka zoposa 150 miliyoni zapitazo, ndipo zomera zoposa 80 mwa 100 zilizonse za kumeneko sizimera mwachilengedwe kwina kulikonse. Mwa mitundu 8 ya mlambe imene imadziwika, 6 ndi ya ku Madagascar kokha. Umodzi ndi wa ku Australia. Ndipo umodzi, Adansonia digitata, ndiwo mlambe wathu wa ku Salima, ku Mangochi ndi pa chilumba cha Likoma. Ku zilumba za Canary kuli mitundu yoposa 30 ya Aeonium, zomera za masamba onenepa oundana mozungulira ngati mbale pamwamba pa tsinde. Pa chilumba cha Socotra, cha dziko la Yemen, pali Dendrosicyos socotranus, mbale wake wa dzungu ndi nkhaka amene anasanduka mtengo wa thunthu lotupa ndi madzi.

Dera la Diamphwe lili kutali ndi nyanja, koma zilumba lili nazo. Pa chidikha cha Lilongwe pali mapiri amiyala oima paokha, monga Bunda ndi Ngala. Katswiri wa miyala wa ku Germany, Wilhelm Bornhardt, anapatsa mapiri otere dzina lakuti Inselberg mu 1900, kutanthauza phiri lokhala ngati chilumba. Pa thanthwe dothi n'lochepa, madzi a mvula amatsetsereka nthawi yomweyo, ndipo kuyambira Meyi kufikira Okutobala mvula yeniyeni sigwa. Zimene zimapirira pa malo otere ndi zomera zopirira chilala, kuphatikizapo zisungamadzi za mbumba za Aloe ndi Euphorbia, ndipo minda yozungulira phirilo imazitsekereza monga mmene madzi amatsekerezera za pa chilumba. Mphunzitsi wa ku Mitundu wofuna kufotokoza za Madagascar angayambire pa phiri limene ophunzira ake amaliona tsiku ndi tsiku.

Pano pakufunika mawu anayi osiyanitsa chiyambi cha chomera. Chichewa chili ndi mawu okwanira m'nkhani za mudzi, pamene timasiyanitsa eni nthaka ndi obwera:

(2) a. mbadwa: chomera chopezeka m'dera mwachilengedwe
b. mbadwa yosapezeka kwina: chopezeka m'dera limenelo lokha
c. chobwera: chimene anthu anachitenga kwina
d. chobwera chokhazikika: chobwera chimene tsopano chimadzimerera chokha

Kusiyana kwa (2a) ndi (2b) ndiko kumasowa kawirikawiri m'zomasulira. Mlambe ndi mbadwa ya ku Likoma koma umapezekanso ku Senegal, pamene Adansonia grandidieri ndi mbadwa ya ku Madagascar yosapezeka kwina.

4.0 MMENE ACHEWA AMAGAWIRA ZOMERA

Tisanabwereke kagawidwe ka alendo, tiyenera kuona kamene kalipo kale. Brent Berlin ndi anzake analemba mu 1973 kuti anthu a ziyankhulo zambiri amagawa zamoyo m'masitepe ofanana: pamwamba pali magulu akuluakulu ochepa otsata kakulidwe, pansi pake pali mayina mazanamazana a zomera zodziwika, ndipo ena mwa mayinawo amagawidwanso ndi afotokozi. M'Chichewa magulu akuluakuluwo ndi monga mtengo, chitsamba, udzu ndi bowa. Pansi pake pali msuku, mkuyu, nkhadze, tsekera. Pansi penipeni pali afotokozi monga wamwamuna ndi wamkazi, wamkulu ndi wamng'ono, woyera ndi wofiira, wam'thengo ndi wapakhomo.

Brian Morris, amene anafufuza kwa nthawi yaitali za zomera pakati pa anthu a m'Malawi, anatsutsa mu 1984 kuti kagawidwe kotere sikangamveke tikachotsapo ntchito ya chomeracho. Zisungamadzi zikumuvomereza. Nkhadze imadziwika monga mpanda wa khola, wa dimba ndi wa mudzi. Dzina la khonje limakumbutsa chingwe. Alovera ndi mankhwala. Ndipo zobwera za ku Madagascar, popeza sizidyedwa, sizimanga nyumba, ambiri amangoziika m'thumba limodzi lakuti maluwa. Mawu akuti mtengo enieniwo ali ndi tanthauzo lachiwiri la mankhwala azitsamba.

Magulu a mayina nawonso amanyamula mbali ya kagawidweka:

(3) a. msuku, misuku : suku, masuku
b. mlambe, milambe : malambe
c. mkuyu, mikuyu : nkhuyu
d. chimanga, chinangwa
e. fodya, anyezi, kabichi, alovera

Mu (3a) ndi (3b) mtengo uli m'gulu la Mu-Mi ndipo chipatso chili m'gulu la Li-Ma. Mu (3c) chipatso chapita ku gulu la I-Zi. Mayina a mu (3e), amene ambiri ndi obwereka, amatenga agwirizanitsi a gulu la Mu-A ngakhale alibe mphatikiram'mbuyo wa gululo: timati fodya wauma, alovera wakula. Izi zikutiuza kumene dzina latsopano lobwereka lidzagwere likalowa m'kamwa mwa anthu, mfundo imene tiibwerere mu 7.0.

5.0 MASITEPE A SAYANSI NDI VUTO LA MAWU AKUTI MTUNDU

Kuyambira pamene Carl Linnaeus anatulutsa Species Plantarum mu 1753, chomera chilichonse chimapatsidwa dzina la mawu awiri. Mawu oyamba ndi a kagulu ka zomera zapachibale, achiwiri ndi a chomera chenichenicho. Nkhadze ndi Euphorbia tirucalli. Timagulu tapachibale timasonkhanitsidwanso m'gulu lalikulu, ndipo Euphorbia ali mu Euphorbiaceae. Masiku ano akatswiri amayesetsa kuti gulu lililonse likhale la zidzukulu za kholo limodzi, ndipo umboni wa DNA wasuntha zomera zambiri kuchoka m'gulu lina kupita m'linzake. Mwachitsanzo, mlambe unali mu Bombacaceae koma tsopano uli mu Malvaceae, pamodzi ndi thonje ndi therere lobala.

Pomasulira masitepe atatuwa, wolemba Chichewa amagwira mawu amodzi okha, akuti mtundu. Mawuwa asenza katundu wolemera kale. Timati mtundu wa Achewa, mtundu wa nsalu ponena za kufiira kapena kuyera kwake, mtundu wa chimanga ponena za mbewu ya m'sitolo. Chiganizo chakuti m'mtundu umenewu muli mitundu yambiri ndipo mtundu uliwonse uli ndi mitundu yake ya maluwa n'cholondola pa galamala, koma womvera sangatolepo kanthu.

Njira yachangu imene omasulira amatsata ndi kutenga mawu a Chingerezi a gulu lalikululo n'kunena kuti banja, kenaka n'kufuna mawu ena a chibale, monga fuko, a kagulu kam'kati. Apa pali msampha. Kwa Mchewa makwerero a chibale ali motere:

(4) fuko, monga Phiri, Banda, Mwale > mbumba > banja

Banja ndilo laling'ono pa onse. Tikanena kuti banja la Euphorbiaceae lili ndi mafuko ambiri, tatembenuza makwerero, ndipo mwana wa sukulu adzayamba kuloweza zimene nzeru zake zikukana. Ife tikupereka kuti tisunge dongosolo la mu (4):

(5) fuko : Euphorbiaceae
mbumba : Euphorbia
mtundu : Euphorbia tirucalli

Mawu akuti mbumba ali ndi mwayi winanso. Pa chikhalidwe cha Achewa, mbumba ndi anthu olumikizana kudzera mwa mayi, ochokera ku bere limodzi, ndipo ganizo la kholo limodzi ndilo maziko a kagawidwe ka sayansi ka masiku ano.

Pali zotsutsa ziwiri zimene sitingazilumphe. Choyamba, wina anganene kuti ponena za anthu mtundu ndi waukulu kuposa fuko, ndiye kuti ifenso tatembenuza makwerero. Yankho lathu n'lakuti ponena za zinthu zosakhala anthu, mtundu amatanthauza kale kusiyana kwa chinthu ndi chinzake. Mlimi akafunsa kuti nyembazi n'zamtundu wanji saganiza za Angoni kapena Ayao. Chachiwiri, mawu akuti banja analowa kale m'zolemba zina, ndipo kuwachotsa kudzavuta. Izi n'zoona, koma chizolowezicho chili mwa olemba ochepa, pamene dongosolo la mu (4) lili mwa oyankhula onse. Za njira yobwereka mawu, monga jenasi, tingoti ndi yothandiza kwa wophunzira wa ku koleji amene adzakumana nawo m'Chingerezi, koma kwa mlimi ndi phokoso chabe.

6.0 KUYESA MAWUWA PA MBUMBA ZITATU

6.1 Euphorbia

Mbumba ya Euphorbia ili ndi mitundu pafupifupi 2,000, kuyambira tizitsamba ta m'munda kufikira mitengo. Dzinali limakumbutsa Euphorbus, sing'anga wa mfumu Juba II ya ku Mauretania. Fuko lake ndi lomwe muli chinangwa ndi nsatsi, ubale umene Mchewa sakanauganizira poona kakulidwe kokha. Kachitsamba kaminga ka maluwa ofiira kaja ndi Euphorbia milii, mbadwa ya ku Madagascar imene inapatsidwa dzinali mu 1826 pokumbukira Baron Milius, amene anali bwanamkubwa wa chilumba cha Réunion.

Kodi chikulumikiza kachitsambaka ndi nkhadze n'chiyani, pamene china chili ndi minga ndi masamba, chinzake chilibe? Zizindikiro ndi ziwiri: utomoni woyera ngati mkaka, ndi kapangidwe ka duwa. Chimene maso amachiona ngati duwa limodzi ndi kachikho kokhala ndi timaluwa tambiri tachimuna, kalikonse kali ndi kachiwalo kamodzi kotulutsa mungu, tozungulira kaduwa kamodzi kachikazi. Zofiira ziwiri zija ndi masamba osinthika amene amachingira kachikhoko. Apa mawu akuti duwa akuperewera, pakuti akuimira zinthu zitatu: duwa lenileni, tsango la timaluwa, ndi chomera chokongoletsa pakhomo. Tikupereka kuti duwa likhale la tanthauzo loyamba m'zolemba za sayansi, tsango likhale lachiwiri, ndipo masamba ofiirawo atchedwe masamba ochingira. Pofotokoza za chimuna ndi chikazi sitisowa poyambira, chifukwa mlimi aliyense amadziwa ngayaye, mungu ndi ndevu za chimanga, ndiponso papaya wamwamuna wosabala.

Phindu lodziwa mbumba likuonekera pa utomoni. Makolo a ku Diamphwe amachenjeza ana kuti utomoni wa nkhadze ndi woopsa m'maso. Chenjezo lomwelo silinenedwa kawirikawiri pa duwa la pa sukulu, popeza lili m'thumba la maluwa, koma utomoni wake nawonso umawotcha khungu ndi maso.

Tiwonjezere kuti Euphorbia waminga si kakitasi, ngakhale afanane. Fuko la Cactaceae kwawo ndi ku America, kupatula mtundu umodzi, Rhipsalis baccifera, wopezekanso mu Africa, ku Madagascar ndi ku Sri Lanka. Minga ya kakitasi imatuluka pa timapilo taubweya, ndipo maluwa ake ndi aakulu, oima paokha.

6.2 Kalanchoe

Mbumba ya Kalanchoe ili m'fuko la Crassulaceae, pamodzi ndi Aeonium wa ku Canary. Dzinali linaperekedwa mu 1763 ndi Michel Adanson, munthu yemweyo amene mlambe unatchedwa Adansonia pomukumbukira. Duwa lake limayendera zinayi: zigawo zinayi zakunja, zinayi zam'kati zolumikizana ngati kachitoliro, ziwalo zachimuna zisanu ndi zitatu, ndi zachikazi zinayi. Mitundu yambiri ndi ya ku Madagascar, koma ina, monga Kalanchoe lanceolata, ndi mbadwa za kumtunda kuno. Mitundu ya ku Madagascar yobereka tiana m'mphepete mwa tsamba, imene maluwa ake amalendewera pansi, akatswiri ena ankaiika mu mbumba yakeyake yotchedwa Bryophyllum. Tianato tikagwa pansi timamera, ndipo ndi chifukwa chake zomerazi zimathawa pakhomo n'kusanduka zobwera zokhazikika. Zili ndi poizoni wogwira mtima, ndipo ku Australia zapha ng'ombe. Mlangizi wa ziweto afunika kutha kunena m'Chichewa kuti chenjezo lake likukhudza mbumba yonse, osati chomera chimodzi chimene wanyamula m'manja.

6.3 Aloe ndi khonje

Dzina lakuti alovera linachokera ku Aloe vera, mtundu umodzi wochokera ku Arabia, koma m'kamwa mwa anthu lakula mpaka kuphimba mbumba yonse. Mbumbayi ili ndi mitundu yoposa 500. Yoposa 100 ndi ya ku Madagascar, ndipo ingapo ndi mbadwa za m'mapiri ndi m'nkhalango za Malawi, zimene G. W. Reynolds anazifotokoza m'buku lake la 1966 lonena za Aloe wa m'maiko otentha a mu Africa ndi ku Madagascar. Kukula kwa tanthauzo kotere n'kozolowereka pa mawu obwereka, koma pano kuli ndi ngozi, chifukwa munthu womva pa wailesi zotamanda alovera amathyola tsamba la mtundu uliwonse wa pa phiri, pamene utomoni wachikasu wa pansi pa khungu la tsambalo umatsegula m'mimba kwambiri ndipo mphamvu yake siifanana m'mitundu yonse.

Chomera cha khonje, Agave sisalana, chimafanana ndi Aloe pa kaundanidwe ka masamba, koma ndi chobwera kuchokera ku Mexico ndipo chili m'fuko lina, la Asparagaceae, pamene Aloe ali mu Asphodelaceae. Richard Hindorf anachifikitsa ku Tanganyika mu 1893. Tsamba lake lili ndi luzi lolimba, ndipo chomeracho chimatulutsa mlongoti wa maluwa kamodzi kokha n'kufa. Tsamba la Aloe limathyoka mosavuta, m'kati muli mnofu woterera, ndipo maluwa ake, ooneka ngati timachubu tofiira kapena tachikasu, amatuluka chaka ndi chaka.

7.0 KALEMBEDWE KA MAYINA ACHILATINI

Dzina lachilatini ndi chizindikiro cha padziko lonse, ndipo silimasuliridwa. Ngakhale tanthauzo lake silodalirika nthawi zonse. Aloe mzimbana ndi Euphorbia mlanjeana akunenadi za Mzimba ndi Mulanje, koma Kalanchoe delagoensis anatchedwa ndi dzina la gombe la Delagoa, kumene lero kuli Maputo, pamene kwawo kwenikweni ndi ku Madagascar. Mawu akuti tirucalli anachokera ku dzina la nkhadze la ku gombe la Malabar ku India. Womasulira amene angayese kusandutsa mayinawa kukhala Chichewa adzafalitsa zolakwa za akale.

Tikupereka malamulo atatu. Loyamba: m'zolemba za sayansi dzina lachilatini lilembedwe monga lilili. Lachiwiri: agwirizanitsi atengedwe ku dzina lachichewa lotsogolera, monga mbumba ya Kalanchoe ili, mtundu wa Aloe vera uli, ngati palibe dzina lotsogolera, atengedwe ku gulu la Mu-A, kumene oyankhula amaika kale mayina obwereka monga tinaonera mu (3e). Lachitatu: dzina likalowa m'chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku lilembedwe motsata maphatikizo a Chichewa, amene amathera ndi lembo la liwu, monga alovera ndi kakitasi, ndipo mtanthauziramawu anene poyera ngati likuimira mtundu umodzi kapena mbumba yonse. Chomera chimene chili ndi dzina lake kale, monga nkhadze, chisapatsidwe lobwereka.

8.0 MAWU OMALIZA

M'pepala lino tapereka mawu awa: chisungamadzi, mbadwa, mbadwa yosapezeka kwina, chobwera ndi chobwera chokhazikika, fuko, mbumba ndi mtundu, duwa, tsango ndi masamba ochingira. Onsewa, kupatula loyamba, ndi mawu akale opatsidwa malire atsopano, ndipo loyambalo lapangidwa pa chikombole chodziwika. Mawu a pa pepala sakhala mawu a chiyankhulo kufikira oyankhula atawalandira. Motero tikupempha kuti asanalowe m'mabuku a sukulu ayesedwe kaye pakati pa aphunzitsi, alangizi, asing'anga ndi alimi a dera limodzi. Diamphwe ndi dera loyenera ntchitoyo, chifukwa Chichewa ndicho chiyankhulo cha pakhomo, koleji ya zaulimi ili pafupi, ndipo mbadwa za pa thanthwe ndi zobwera za ku Madagascar zimapezeka pa mtunda woyenda pansi. Yeso lake likhale losavuta: munthu amene wamva kuti nkhadze ndi duwa laminga la pa sukulu ndi za mbumba imodzi afunsidwe chimene akuyembekeza kuona akathyola nthambi ya duwalo. Akayankha kuti utomoni woyera, ndipo kuti asamale maso, mawuwo agwira ntchito yake.